Khosi latupa, mtima ukuthamanga, ndikudya koma ndikuonda: ndichite chani?

Funso ili latumizidwa ndi mayi wina wa zaka 31 wa ku Nkhotakota, ndangolifupikitsa pang'ono: "Adokotala, ndinabereka mwana wachitatu chaka chatha. Tsopano papita miyezi 6 pakhosi panga patupa, mtima umangothamanga olo nditangokhala, thukuta usana ndi usiku, manja akunjenjemera mpaka tiyi ndimataya. Ndikudya kwambiri koma chitenje chikungomasuka mchiuno. Amuna anga akuti maso anga akuoneka ngati ndadabwa. HIV anandiyeza kawiri ndilibe, makhololo anayezanso akuti TB ndilibe. Apongozi akuti ndi chithokomiro chifukwa cha kondowole, anzanga akuti ndizithira mchere wa ayodini wambiri, ena akuti andilodza tikatemere. Ndichite chani?"

Mayi, pepani kwambiri, miyezi 6 ndi yambiri kuti munthu azikhala mtima uli phaphapha, chikhalirecho muli ndi mwana wamng'ono kumsana. Ndiyambe ndi kunena zomwe ndikuona mu kalata yanuyi. Apongozi anu alondola malo ake, vuto lili pa chithokomiro ndithu, koma zomwe mwafotokozazi sizikufanana ndi chotupa chija chobwera chifukwa chosowa ayodini. Zikufanana ndi chithokomiro chomwe chikugwira ntchito mopyola muyeso, chikupanga mahomoni ambiri kuposa omwe thupi lanu likufuna. Ndipo ngati zili choncho, malangizo a anzanuwo oti muwonjezere ayodini atha kukuonjezerani matenda mmalo mokuchizani. Chomwe chingatsimikize ndi kuyeza magazi, nde chinthu choyamba ndi chimenecho, musanamwe china chilichonse. Nkhani yabwino ndi yoti matendawa mankhwala ake alipo, anthu amachira nkubwerera mwakale, thupi nkubwerera, tulo nkubwerera.

Tione kaye chomwe chikuchitika mkatimo, chifukwa mukachimvetsa simudzavutika kumwa mankhwala kwa nthawi yaitali. Mthupi mwathu muli tiziwalo tina timene ntchito yake ndi kupanga mahomoni nkumawathira mmagazi, magaziwo nkumawatengera kutali kuti akauze ziwalo zina zochita. Kapamba amapanga insulin yomwe imatsitsa shuga, pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kopanga homoni yotithandiza kupirira matenda ndi mantha, ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo nazo zili ndi mahomoni ake. Chithokomiro ndi chimodzi mwa tiziwalo timeneti, ndipo aliyense ali nacho, kungoti chikakhala bwinobwino sichioneka olo kukhudzika. Chili kutsogolo kwa khosi, mmunsi pang'ono mwa kholingo, mbali ziwiri zolumikizana pakati, ndipo kwa munthu wamkulu chimalemera magalamu ngati 20 basi. Mukaima pa galasi nkumeza madzi, muona kuti chotupa chanucho chikukwera nkutsikanso, ndi chifukwa choti chinamatirira ku mmero. Chimapanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, ndipo manambalawo akuimira tizidutswa ta ayodini tomwe tili mu homoni iliyonse, 4 ndi 3. Mahomoni amenewa ndi amene amauza thupi liwiro loyendera: mtima ugunde kangati, chakudya chigwiritsidwe ntchito mwachangu bwanji, thupi litenthe bwanji, matumbo ayende bwanji, ubongo ukhale tcheru bwanji.

Koma chithokomiro sichidzilamula chokha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kwambiri kotchedwa pituitary, kamene kamatumiza homoni ina yotchedwa TSH. Kameneka ndi kapitawo. Kapitawo akaona kuti antchito akuchita ulesi amakalipa mokweza, akaona kuti ntchito ikuyenda mpaka kupyola mulingo amangokhala chete. Nde chithokomiro chikafooka, TSH imakwera kwambiri mmagazi, chikamagwira ntchito mopyola, TSH imatsika mpaka kutsala pang'ono kusaoneka. Apa anthu ambiri amasokonezeka akalandira pepala la ku labu, amaona TSH yotsika nkumati "nde kuti chithokomiro changa chafooka eti", pomwe ndi zosiyana. Kwa inu, ndikuyembekezera kuti TSH ipezeka pansi kwambiri, T4 kapena T3 ili mmwamba.

Tsopano onani mmene zonse mwalemba zikugwirizanirana. Mahomoni akachuluka thupi limatentha chakudya mwachangu zedi, nchifukwa chake mukumaliza nsima nkumvanso njala koma mukuonda. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi TB kapena matenda ena oondetsa, kumene nthawi zambiri munthu chakudya sachifuna nkomwe. Matenda ena omwe munthu amaonda akudya ndi shuga, nde akakuyezeninso shuga tsiku lomwelo, sizitenga nthawi. Thukutalo ndi kutentha komwe thupi likupanga, anzanu atafunda bulangete mwezi wa June inu mukufuna kutsegula windo. Kunjenjemerako mutha kukuona bwino mukatambasula manja kutsogolo nkuika pepala pamwamba pa zala, pepalalo limachita kugwedera. Ena amapita kuchimbudzi pafupipafupi, ena tsitsi limathothoka, ena miyendo imafooka mmwamba mmenemu moti kudzuka pa mkeka kapena kukwera pa kabaza kumavuta, ambiri msambo umachepa kapena kusowa. Ndipo chinthu china chomwe amayi sachitchula pokhapokha titafunsa ndi kupsa mtima. Munthu yemwe anali wofatsa amayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, kusowa tulo, kulira popanda chifukwa, mpaka banja kugwedezeka anthu nkumati wasintha khalidwe. Ngati izi zikukuchitikirani, awuzeni amuna anu kuti ndi matenda, ndipo zimatha munthu akayamba mankhwala. Yesaninso ichi mmawa musanadzuke: ikani zala ziwiri pa mkono pafupi ndi chala chachikulu, werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi yathunthu pa foni. Munthu wamkulu akapuma umagunda pakati pa 60 ndi 100. Lembani nambalayo masiku angapo, muonenso ngati ukugunda mwadongosolo kapena ukudumphadumpha, nkukaonetsa kuchipatala.

Chomwe chimayambitsa izi kwa mayi wa msinkhu wanu nthawi zambiri ndi matenda a Graves. Dzinali ndi la dokotala wa ku Dublin, Robert Graves, yemwe anawafotokoza mu 1835. Chimachitika nchoti chitetezo cha mthupi, chija chimalimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka nkupanga asilikali omwe amakakhala pamalo pomwe TSH imayenera kukhala, nkumauza chithokomiro kuti panga, panga, osaleka. Pituitary imasiya kutumiza TSH koma sizithandiza kanthu chifukwa lamulo likuchokera kwina. Chithokomirocho chimakula mbali zonse ziwiri, chosalala, ndipo nthawi zina tikaika chomvera pamenepo timamva magazi akuyenda mwaphokoso. Matendawa amagwira amayi kwambiri kuposa abambo, amayenda mmagazi a pamtundu, nde funsani ngati mayi anu, azakhali kapena achemwali anu anakhalapo ndi khosi lotupa, ndipo amakonda kuyamba kapena kubwerera mchaka choyamba munthu akabereka, chifukwa chitetezo chimakhala chinadekha nthawi ya mimba nkudzadzuka mwamphamvu pambuyo pake. Maso amene amuna anu awaonawo ndi chizindikiro chomwe chikundipangitsa kuganiza za Graves kwambiri. Zikope zimakokekera mmwamba, ndipo kwa ena minofu ya kuseri kwa diso imatupa nkulikankhira kunja. Utsi wa fodya umaonjezera vuto la masoli kwambiri, nde ngati mnyumba muli wosuta azikasutira kutali. Maso akayamba kupweteka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuona mwa chimbuuzi kapena kulephera kutseka pogona, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani pompo.

Pali vuto lina lofanana nalo lomwe adokotala ayenera kuliganizira chifukwa mwabereka posachedwa. Amayi ena, pafupifupi mmodzi mwa 20 aliwonse, chithokomiro chimatupa mkati miyezi ingapo atabereka nkutayira mmagazi mahomoni omwe chinasunga. Munthu amathamanga mtima kwa mwezi umodzi, iwiri kapena itatu, kenako mahomoni aja amatha nkuyamba kufooka ndi kumva kuzizira, kenako ambiri amabwerera bwinobwino chaka chisanathe. Kusiyanitsaku nkofunika chifukwa mankhwala a Graves sathandiza pa vuto limeneli. Koma inu zatenga miyezi 6 osatsika, kuphatikizapo maso, nde mwayi waukulu ndi wa Graves.

Tibwere kwa apongozi ndi kondowole wawo, chifukwa sakunama kotheratu ayi. Chotupa cha pakhosi chomwe agogo athu ankachidziwa chimabwera thupi likamasowa ayodini. Popanda ayodini chithokomiro sichingapange T4, TSH imakwera, chithokomiro nkumakula pofuna kugwira kaayodini kochepa kalikonse komwe kakudutsa mmagazi. Ayodini wambiri ali mnyanja zamchere, ndipo ife tili kutali nazo. Usipa ndi chambo ndi zakudya zabwino kwambiri koma nsomba za mmadzi opanda mchere zilibe ayodini wambiri ngati za ku nyanja yamchere. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wotchedwa cyanide, thupi likamamuchotsa limamusandutsa chinthu china chomwe chimatsekereza ayodini kulowa mu chithokomiro. Nde munthu yemwe ayodini akumusowa kale, nkumadyanso chinangwa chosakonzedwa bwino tsiku ndi tsiku, khosi litha kutupa ndithu. Koma amayi a kunyanja anaidziwa kalekale nzeru yake: kusenda, kuviika mmadzi masiku angapo mpaka chifewe, kutsuka, kuyanika chiume gwaa, kenako kusinja. Poizoni wambiri amachoka pamenepo. Vuto limabwera nthawi ya njala anthu akamavuula msanga chisanafewe, kapena chigwada akachiphika mothamanga osachisinja ndi kuchiwiritsa mokwanira. Nde sindikukuuzani kuti musiye kondowole, ingomukonzani mmene anakuphunzitsirani amayi anu. Chomwe muyenera kudziwa nchoti chotupa cha kusowa ayodini chimakula pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo mwini wake nthawi zambiri sathamanga mtima, saonda, sanjenjemera. Zanuzi ndi zina.

Za mchere wa ayodini ndilankhule mosamala, chifukwa sindikufuna wina awerenge izi nkusiya kuugula. Mchere umenewu wapulumutsa anthu ambiri zedi. Switzerland inayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922, kumapiri kwawo kunali zotupa za pakhosi zambiri ndi ana obadwa ozerezeka ndi opinimbira, ndipo zinthuzi zinachepa mpaka kutha. Kuno kwathunso lamulo limafuna kuti mchere wogulitsa ukhale wothira ayodini. Munthu wamkulu amafuna ma microgram (tizigawo tochepetsetsa ta galamu) 150 pa tsiku, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250, ndipo ubongo wa mwana ali mmimba ndi ali kubere umadalira ayodini ameneyu. Nde mchere wa mpaketi wolembedwa kuti muli ayodini pitirizani kugwiritsa ntchito pa mulingo wa masiku onse, muziusunga mu chitini chotseka kutali ndi moto ndi chinyontho. Chomwe ndikukana ndi kuwonjezera. Chithokomiro chanu chikupanga kale mahomoni ochuluka, kuchipatsa ayodini wina ndi kuchipatsa zipangizo zoti chipange ena ambiri. Izi zinaonekapo ku Zimbabwe mzaka za mma 1990, mchere wa ayodini utangofala ndipo wina unali ndi ayodini wopyola mulingo, madokotala anaona kuti odwala chithokomiro chothamanga achuluka, makamaka akuluakulu omwe anali ndi zotupa zakalekale. Komanso mchere wambiri ukweza BP. Ndipo chonde, ayodini uja wopaka pa bala, wofiirira uja, si wakumwa. Mapiritsi ndi ufa wa zomera za mnyanja omwe anthu amagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti amatsuka chithokomiro, ambiri mwa iwo ali ndi ayodini wambiri, asiyeni.

Za kutemera, ndikudziwa kuti omwe akunenawo akukufunirani zabwino, aona mukuonda, kuchipatala akuti HIV mulibe, TB mulibe, nde maganizo amapita kwina. Koma pakhosi si malo oika lezala. Chithokomiro cha Graves chimadzaza magazi, ndipo mmbali mwake mukudutsa mitsempha ikuluikulu yopita ku ubongo. Mphini sizichepetsa chotupacho, zimangobweretsa mabala ndi mafinya, ndipo timaona amayi akufika kuchipatala khosi lili ndi mizere ya mphini, patapita chaka, mtima utatopa kale. Pempherani ngati ndinu wopemphera, abale akuperekezeni, koma ulendo ukhale wa kuchipatala.

Mukapita, musangonena kuti mtima ukuthamanga, chifukwa mzere ukakhala wautali mutha kungoyezedwa BP ndi malungo nkubwerera ndi Panado. Masulani mpango wa pakhosi, aonetseni chotupacho, nenani zonse pamodzi mmene mwandilembera inemu: kuonda mukudya, thukuta, kunjenjemera, maso, ndi kuti munabereka liti. Pemphani kuti akuyezeni magazi a chithokomiro, TSH ndi T4. Zipatala zazing'ono sizikhala ndi makina ake, nde akulembereni kalata yopita ku chipatala cha boma, ndipo ngati kukufunika akutumizeni ku chipatala chachikulu, kwa inu ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ena ndi Queens ku Blantyre, Zomba kapena Mzuzu. Malabu ena olipira nawonso amayeza. Kabuku kanu kakuchipatala musakaiwale, chilichonse chilembedwe mmenemo. Atha kukujambulaninso sikani ya pakhosi kuti aone ngati chithokomiro chakula chonse kapena muli timabulu, ndi kuyeza mtima ngati ukudumphadumpha. Mwina mumtima muli funso lomwe simunalembe, loti kodi si khansa. Zotupa zambiri za chithokomiro si khansa, ndipo chomwe chikupanga mahomoni ochuluka chonchi kawirikawiri sichikhala khansa. Zomwe zimatidetsa nkhawa ndi chotupa cholimba gwaa, cha mbali imodzi, chokula mwachangu, chosayenda munthu akameza, mawu kusasa osabwerera, anabere mmbali mwa khosi, kapena kuvutika kumeza ndi kupuma.

Zikatsimikizika, mankhwala omwe timayamba nawo ndi carbimazole. Amatsekereza chithokomiro kupanga mahomoni atsopano, koma omwe chinasunga kale ayenera kutha kaye, nde musayembekezere kusintha mmasiku atatu, zimatenga masabata 4 mpaka 8 kuti mumve kuti mwabwerera. Podikirapo timaperekanso propranolol, ameneyu amachepetsa liwiro la mtima ndi kunjenjemera mwachangu, koma ngati muli ndi mphumu nenani chifukwa amatha kukutsekani chifuwa. Apa nde pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Pakatha miyezi iwiri mudzamva bwino kwambiri, thupi libwerera, mudzagona tulo, nde maganizo adzabwera oti ndachira, thiransipoti ikudula, ndisiye. Musasiye. Carbimazole amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo mkati mwa nthawiyo amakuyezani magazi nkumatsitsa mulingo pang'onopang'ono, chifukwa mukapitiriza mulingo woyamba uja osayezetsa chithokomiro chimafooka kupyola, mumayamba kunenepa, kuzizidwa, chotupa nkukulanso. Olo mutamaliza bwinobwino, pafupifupi theka la anthu matendawa amadzabwereranso, nde zizindikirozi muzisunge mmutu.

Chenjezo limodzi lomwe ndimauza wodwala aliyense mpaka atalibwereza yekha: mukamamwa carbimazole nkuyamba kutentha thupi, zilonda zapakhosi kapena mkamwa, siyani mankhwalawo tsiku lomwelo nkupita kuchipatala kuti akawerenge maselo oyera a mmagazi. Kwa anthu ochepa kwambiri, osafika mmodzi pa 100, mankhwalawa amagwetsa maselo olimbana ndi matenda, makamaka mmiyezi itatu yoyambirira, ndipo munthu atha kufa ndi matenda aang'ono ngati achedwa. Kwathu kuno thupi likatentha timangoti ndi malungo nkugula mapiritsi pa golosale. Inu musatero. Akakuyezeni malungo, inde, koma muwauze kuti mukumwa carbimazole ndipo magazi awerengedwe. Akapezeka ali bwino mupitiriza. Chimodzimodzi maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada kwambiri. Tizidzolo toyabwa pakhungu timachitika kawirikawiri ndipo sitoopsa kwenikweni, koma kauzeni adokotala.

Ngati mukuyamwitsabe, musamuchotse mwana kubere chifukwa cha mankhwalawa, pa mulingo womwe timapereka nthawi zambiri kuyamwitsa kumaloledwa, mumangomwa mukangomaliza kuyamwitsa. Koma za mimba ina, dikirani kaye. Msambo ukamasowa musaganize kuti simungatenge mimba, mutha kutenga, ndipo chithokomiro chothamanga chimapititsa padera, chimabadwitsa mwana masiku asanakwane, chimakweza BP ya mimba. Carbimazole nayenso atha kupundula mwana mmiyezi itatu yoyambirira ya mimba. Nde sankhani njira yolera yodalirika mpaka magazi akhazikike, mukambirane ndi amuna anu. Zikachitika kuti mwaima muli pa mankhwala, musangosiya nokha mwakachetechete, thamangani kuchipatala sabata yomweyo, pali mankhwala ena otchedwa PTU omwe timasinthira miyezi yoyambirirayo, ndipo ku sikelo adziwe za matenda anu kuyambira tsiku loyamba.

Ndikukakamira chonchi chifukwa matendawa akalekereredwa amaononga mtima. Umayamba kugunda mosalongosoka, magazi amatha kuundana mkati mwake nkukatseka ku ubongo munthu nkufa ziwalo ali wamng'ono, kapena mtima umatopa miyendo nkutupa, mpweya nkumabanika. Mafupa nawo amafooka. Ndipo pali nthawi yomwe zonse zimaphulika kamodzi, makamaka munthu akadwala matenda ena, akachitidwa opareshoni, akamabereka kapena akasiya mankhwala mwadzidzidzi: thupi kutentha kwambiri, mtima kuthamanga koopsa, kusanza, kutsegula mmimba, mutu kusokonezeka. Zikatero si za mawa, ndi za galimoto usiku womwewo, ndipo okuperekezani anene msanga kuti wodwalayu ali ndi chithokomiro.

Mapiritsi akakanika, kapena matenda akabwereranso, kapena chotupa chikakula mpaka kufinya mmero, pali njira zina ziwiri. Ina ndi opareshoni yochotsa chithokomiro. Kale inali yoopsa kwambiri, koma dokotala wa ku Bern, Theodor Kocher, anaikonza mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1909, ndipo lero mmanja mwa dokotala woizolowera imayenda bwino. Amayamba akhazikitsa kaye mahomoni ndi mapiritsi, sachita munthu mtima ukuthamanga. Zoti mudziwe ndi ziwiri, kuseri kwa chithokomiro kumadutsa mtsempha woyendetsa mawu, ukakhudzidwa mawu amasasa, ndipo komweko kuli tiziwalo tinayi tating'onoting'ono tosunga mulingo wa calcium mmagazi, tikavulala munthu amamva dzanzi mmilomo ndi mzala, manja nkumakungika, ndipo amafunika mapiritsi a calcium. Njira inayo ndi kumwa ayodini wapadera wa radiation, yemwe amakalowa mu chithokomiro mokha nkuchifooketsa pang'onopang'ono. Anayamba kumugwiritsa ntchito ku Boston mu 1941. Sapezeka paliponse, saperekedwa kwa woyembekezera kapena woyamwitsa, munthu amadikira miyezi 6 asanatenge mimba, ndipo kwa amene maso atupa kale atha kuwaonjezera, nde kwa inu adokotala angaganize kawiri.

Chithokomiro chikachotsedwa kapena kufooketsedwa, munthu amamwa levothyroxine moyo wake wonse, kapiritsi kamodzi pa tsiku, ndipo ameneyu ndi T4 yemweyo amene thupi limapanga. Ndi mankhwala omwenso amamwa anthu omwe chithokomiro chawo chinafooka chokha, monga a matenda a Hashimoto. Ndikutchula izi chifukwa owerenga ena ali ndi khosi lotupa koma zizindikiro zawo ndi zotembenuza zanuzi: kutopa kosatha, kugona kwambiri, kumva kuzizira anzawo akumva kutentha, kunenepa asakudya kwambiri, kudzimbidwa, khungu louma, nkhope yotupa, kuiwalaiwala, msambo wochuluka, kusatenga mimba. Anthu otere amanenedwa ulesi kwa zaka pomwe kuyeza TSH kamodzi kokha kukanaulula zonse. Levothyroxine amamwedwa mmawa mmimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, nkudikira mphindi 30 kapena ola musanamwe phala kapena tiyi, ndipo mapiritsi a magazi aja amapereka ku sikelo, a calcium ndi a kutentha pamtima atalikirane naye maola 4 chifukwa amamutsekereza kulowa mthupi. Mulingo ukasinthidwa timadikira masabata 6 mpaka 8 tisanayezenso.

Amayi ena omwe akuwerenga, ngati munataya magazi ambiri pobereka, kenako mkaka osatuluka, msambo osabwerera, tsitsi la kukhwapa ndi kumaliseche kuthothoka, kufooka ndi chizungulire kwa miyezi kapena zaka, nenani kuchipatala nkhani ya kutaya magaziyo olo papite zaka zingati. Pituitary imatha kuonongeka magazi akachepa mwadzidzidzi chonchija, ndipo chithokomiro ndi tiziwalo tina timafooka nayo limodzi. Zimachizika ndi mapiritsi, koma ngati simutchula za kubereka kuja sizimaganiziridwa msanga.

Inu mayi, pamene mukukonza ulendo wa kuchipatala sabata ino, idyani mokwanira osadzimana, nsima, nsomba, nyemba, mazira, masamba, zipatso, chifukwa thupi likutentha zambiri, ndipo imwani madzi pafupipafupi. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zija zopatsa mphamvu zisiyeni kaye, zimathamangitsa mtima. Mankhwala a chimfine ogula pa golosale enanso amatero, funsani musanamwe. Ntchito zolemetsa monga kulima dzuwa lili pamutu kapena kusenza ndowa mtunda wautali apatsidwe ena kaye mpaka mtima ukhazikike. Pogona ikani mapilo awiri kuti maso asatupe kwambiri mmawa, ndipo padzuwa ndi pa fumbi muvale magalasi akuda. Ngati nkotheka pitani ndi amuna anu kapena apongozi omwewo, amve okha kwa adokotala za miyezi 18 ija ndi za kutentha thupi, kuti tsiku lomwe mudzafune ndalama ya thiransipoti yokatenga mankhwala ena pasadzakhale wokufunsani kuti mukupitiranji poti mwachira kale.